TISATSEKE MIPATA YA NYAMA PAKATI PA CIGWA NDI MAPIRI

Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupi-fupi miliyoni imodzi cinapserera m'minda. Ife alimi tinali kuwerenga matumba amene sitinakolole. Koma kuthengo nakonso kunali njala ndi ludzu, ndipo nyama ikamva ludzu siyembekeza cithandizo ca boma. Imanyamuka kukafuna madzi ndi msipu potsata njira imene makolo ake anali kupitamo. Ikapeza kuti njirayo yasanduka munda, imadutsa m'munda momwemo.

Nkhani yathu lero ndi ya njira zimenezi. Akatswiri a zacilengedwe amazichula kuti mipata ya nyama, kutanthauza kacigawo ka thengo kosiyidwa dala kuti kalumikize nkhalango ina ndi inzake. Ambiri a ife tikamva mau amenewa timaganiza za a gemu, za kulandidwa minda ndi za njovu m'cimanga. Mantha amenewa ali ndi cifukwa cake ndipo tikambapo mosabisa. Koma poyamba tiyeni tione malo amene tikhalapo.

TILI PAKATI

Dziko la Mfumu Yaikulu Magodi, limene kuyambira mu 2018 lili m'boma la Chasefu lodulidwa kucokera ku Lundazi, lili pa mtunda wokwera mamita opitirira 1,000 kucokera pa nyanja yamcere. Munthu akayenda ca kumadzulo amalowa m'mapiri ndi m'zigwembe za nkhalango ya boma ya Lundazi National Forest, kenaka amatsetserekera ku cigwa ca Luangwa, cimene cili pa mamita pafupi-fupi 600 cabe. Uko ndi kwa tsanya ndi milambe, ndipo amene anagonako mu October adziwa kuti thukuta silileka ngakhale pakati pa usiku. Akayenda ca kumpoto cakum'mawa, kupyola dambo la Vwaza m'dziko la Malawi, amafika pa mapiri a Nyika okwera kupitirira mamita 2,000. Nsonga yake, phiri la Nganda, ipitirira mamita 2,600. Kumeneko mu June ndi July udzu umadzuka utayera ndi cisanu.

Motero ife tili pakati. Kumunsi kwathu kuli cigwa cotentha, kumtunda kwathu kuli phiri lozizira, ndipo ciriconse cofuna kucoka uku kupita uko ciyenera kudutsa m'dziko longa lathuli, la mitondo, mombo, madambo ndi minda.

Mbali yaikulu ya Nyika ili m'Malawi, koma Zambia nayo ili ndi kagawo kake ka mahekitala pafupi-fupi 8,000. M'kagawo kameneka muli nkhalango za Chowo ndi Manyenjere. Izi sizili ngati thengo lathu limene limayoyola masamba m'cilimwe. Ndi nkhalango zobiriwira caka conse, za mitengo itali-itali, za mthunzi ndi cinyontho, ndipo zimamera m'zigwa zing'ono-zing'ono ndi kumitu ya mitsinje kumene moto sufika kawiri-kawiri. M'menemo mukhala anchima ndi mitundu ya mbalame imene m'Zambia muno ipezeka pa mapiri owerengeka cabe, monga Mafinga ndi Makutu. M'udzu wozungulira nkhalangozi muli mitundu yoposa 200 ya maluwa a banja limodzi ndi cikanda cimene timagula pamsika.

KUTENTHA KUKUKWERA PHIRI

Pali lamulo limodzi la cilengedwe limene aliyense amene anakwerapo phiri analimva m'thupi mwake. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu akwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupi-fupi 6. Ndico cifukwa cake tsanya limamera kucigwa, mtondo kuno kwathu, ndipo mitengo ya ku Chowo pamwamba peni-peni. Mtundu uliwonse uli ndi msinkhu wa phiri umene uukomera.

Tsono kucokera mu 1960 kutentha m'dziko la Zambia kwakwera ndi digiri yoposa imodzi, ndipo caka ca 2024 ndico cinali cotentha koposa zaka zonse za m'mbuyo mwake pa dziko lapansi ciyambire kulemba. Digiri imodzi ioneka ngati kanthu kocepa. Koma tikawerengera ndi lamulo lija, tipeza kuti colengedwa cofuna kuzizira kumene cinazolowera ciyenera kukwera mamita oposa 150 kuti cikupezenso. Kutentha kukapitiriza kukwera, naco ciyenera kupitiriza kusamuka.

Nyama ili ndi miyendo, mbalame ili ndi mapiko. Nanga mtengo usamuka bwanji? Mtengo umayenda m'mimba mwa nyama. Njovu ikadya zipatso imakataya njere zake m'ndowe makilomita angapo kucokera pamene inadyera. Anyani, apusi, mileme ndi mbalame zimacita cimodzi-modzi ndi masuku, nkhuyu ndi mbula. Njere zina zimamera bwino koposa zikadutsa m'mimba mwa nyama. Ici citanthauza kuti tikatseka njira ya nyama, tatsekanso njira ya mitengo. Thengo limaima pamalo amodzi pamene nyengo imene linazolowera ikulithawa.

Za pamwamba pa phiri zili pa vuto lina. Zilibe kwina kokwera. Cimene cingazipulumutse ndi tizigwa tozizira tobisalamo ndiponso kulumikizana ndi zinzake za kwina. Gulu la nyama lotsekeredwa m'kankhalango kamodzi lili ngati mudzi umene anthu ake amangokwatirana pacibale: mbeu imafooka, ndipo matenda amodzi kapena moto umodzi utha kumaliza onse. Akatswiri a mbalame a Robert Dowsett ndi a Françoise Dowsett-Lemaire, amene anakhala zaka zingapo pa Nyika ca m'ma 1980, anaonetsa kuti mbalame zina za m'nkhalango za pamwamba zimatsika m'nyengo yacisanu ndi kukakhala m'mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ya kumunsi, kenaka zimakweranso kukaswa nyengo ikafunda. Nchefu ndi mbidzi za pa Nyika nazonso zimatsikako cisanu cikakula. Wodula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje kumunsi aononga nkhalango ya pamwamba imene mwina sanaionepo ndi maso.

MPATA UTSATA MTSINJE NDI CIGWEMBE

Kodi mpata wa nyama uyenera kudutsa pati? Kale anthu a mapu anali kungolemba mzere wowongoka kucokera pa paki iyi kufika pa paki iyo. Nyama siwerenga mapu. Masiku ano akatswiri ambiri amayamba ndi kuona mmene dziko lakhalira: kumene kuli mitsinje, madambo, zigwembe, zitunda ndi matsetse. Cifukwa cake ndi comveka. Palibe amene adziwa bwino-bwino kumene mtundu uliwonse wa nyama kapena wa mtengo udzakhala patapita zaka 50. Koma mtsinje ndi phiri zidzakhala pamene zili lero.

Pali zinthu zinai zimene amayang'ana. Coyamba ndi mitsinje, pakuti m'mbali mwake muli madzi, mthunzi ndi mitengo monga mbawa, katope ndi mikuyu, ndipo mtsinje ndiwo njira yacibadwa yocokera kumtunda kupita kucigwa. Caciwiri ndi madambo, amene amasunga msipu wauwisi mpaka mu October. Cacitatu ndi mbali ya phiri yoyang'ana kumwera. Ife tili kumwera kwa dziko lapansi, ndipo kuyambira mu March mpaka mu October dzuwa limapendekera kumpoto, motero mbali ya kumwera imakhala pamthunzi nthawi yaitali ndipo imacedwa kuuma. Cacinai ndi matsetse osapenya kwambiri. Njovu ndi yolemera ndipo imapewa citunda coimirira. Imafuna pokwera pang'ono-pang'ono.

Mpata wabwino ndi umene uli ndi zonsezi pamodzi ndipo ukwera kucokera pansi kufika pamwamba popanda kuduka. Ukaduka pa kilomita imodzi cabe cifukwa ca midzi ndi minda yothithikana, makilomita ena onse ataya nchito.

Akatswiri amaveka njovu zina makolala otumiza uthenga ku makompyuta kuti adziwe kumene zikupita. Ndi nzeru yabwino, koma si yokhayo. Acikulire amene anali alenje, ofula uci ndi abusa a ng'ombe adziwa mikwaso yakale, madooko amene nyama zinali kuolokera ndi zitsime zimene siziphwa. Ambiri a iwo akalamba. Tikacedwa kuwafunsa, adzapita nayo nzeruyi kumanda.

PANGANO LA MAIKO AWIRI

Izi si nkhani za m'mabuku cabe. Mu August 2004 maboma a Zambia ndi Malawi anagwirizana kusamalira pamodzi nkhalango za m'malire, ndipo pa 7 July 2015 ku Blantyre, atsogoleri a nthawi imeneyo a Edgar Lungu ndi a Peter Mutharika anasaina pangano lokhazikitsa Malawi-Zambia Transfrontier Conservation Area, dera la mahekitala oposa mamiliyoni atatu. Lili ndi zigawo ziwiri. Ca kumpoto cilumikiza Nyika, Vwaza, nkhalango za Lundazi, Mitenge ndi Mikuti, dera la Musalangu ku Chama ndi paki ya North Luangwa. Ca kumwera cilumikiza paki ya Kasungu m'Malawi ndi ya Lukusuzi kuno kwathu, kudzera m'dziko la mafumu Mwasemphangwe ndi Chikomeni.

Onani bwino: nkhalango ya Lundazi, imene tili nayo pafupi, inachulidwa m'panganoli. Papepala ndiyo mlatho wa pakati pa phiri ndi cigwa. Koma amene apitako adziwa kuti m'mbali zambiri mwalowa mphanje, ng'anjo za makala ndi midzi yatsopano. Sitikamba izi kuti tiloze munthu cala. M'kalembera wa 2010 anthu m'Zambia tinali 13 miliyoni. Mu 2022 tinapitirira 19 miliyoni. Minda ya makolo yaguga, fataleza yakwera mtengo, ndipo mnyamata wongokwatira kumene afuna pake polima. Thonje, soya ndi mpendadzuwa zifuna malo, fodya afuna nkhuni ndi milimo ya zigafa. Munthu akalowa m'nkhalango nthawi zambiri si nkhanza koma kusowa. Komabe mphanje ya pa citunda imabala zaka zitatu kapena zinai, nthaka nkukokoloka, ndipo banja limalowanso m'kati kukadula pena.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tsopano tifike pa nkhani ya njovu. Pakati pa caka ca 2022 njovu 263 zinasamutsidwa pa malole kucokera ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu, imene mbali yake ya kumadzulo ili m'malire athu. Kucokera pamenepo anthu a m'midzi ya mbali zonse ziwiri za malire, kuphatikizapo abale athu a ku Lumezi, akhala akudandaula za minda yodyedwa ndi nkhokwe zophwanyidwa, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Awa ndi maliro eni-eni, m'mabanja eni-eni. Wina aliyense wobwera kudzatiuza za ubwino wa mipata ya nyama ayambe wamva kulira kumeneku.

Lamulo la nyama za m'thengo la mu 2015 silinaike njira yolipirira mlimi amene munda wake wadyedwa. Apa pali cosalungama. Njovu ndi cuma ca dziko lonse, alendo amalipira ndalama kuti aione, koma wogona kumunda ndi cigubu coimba usiku wonse ndi mlimi wosauka. Aphungu athu a ku nyumba ya malamulo ayenera kuinyamula nkhani imeneyi osatopa.

Koma phunziro la ku Kasungu si lakuti mipata ndi yoipa. Phunziro ndi lakuti nyama zikaculuka pamene njira yake siinakonzedwe ndipo anthu sanafunsidwe, mudzi uliwonse umasanduka njira. Mpata wodziwika, wolemekezedwa, umasonkhanitsa nyama pamalo amodzi pamene tingazichinge.

Anzathu a ku Kenya anayesa. Pakati pa nkhalango ya phiri la Kenya ndi nkhalango ya Ngare Ndare kumunsi kwake, minda ya tirigu ndi mseu waukulu zinatseka njira yakale ya njovu. Mu 2010 anamaliza mpata wa makilomita 14, wochingidwa ndi waya wa magetsi mbali zonse ziwiri, ndipo anakumba njira pansi pa mseu. Njovu zinayamba kupitamo patangopita masiku owerengeka, ndipo madandaulo a alimi a m'mbali mwake anacepa. Ku Kenya komweko a Lucy King anaonetsa kuti njovu zimaopa njuci, ndipo ming'oma yolumikizidwa ndi waya kuzungulira munda imabweza zambiri mwa izo, mwini munda napezanso uci. Ku Mambwe kuno kwathu alimi amagwiritsa nchito mphiripiri ndi nkhokwe za simenti zimene njovu singaphwanye. Palibe njira imodzi yothetseratu vutoli, koma zonsezi zimagwira bwino pamene njovu ili ndi kwina kodutsira.

PHINDU LATHU LILI PATI?

Wina afunsa kuti: mbalame za ku Chowo zindipatsa ciani ine? Funso labwino. Yankho lili m'madzi. Malo amene nyama zifuna kupitamo, ndiye kuti mitu ya mitsinje, madambo ndi zigwembe, ndi malo omwewo amene amasunga madzi a zitsime ndi madimba athu. Mitsinje ya Lundazi, Lumezi ndi Lukusuzi imayambira kuno kumtunda isanatsikire ku Luangwa. Mitengo ya kumitu kwake ikatha, mvula imathamanga tsiku limodzi, kusiya mcenga m'mtsinje ndi ngalande m'minda, ndipo pofika August amai ayamba kufukula mcenga kufuna madzi. Bowa, matondo, masuku, uci ndi mankhwala a m'thengo, zimene zimatithandiza m'miyezi ya njala, nazonso zimatha pamodzi ndi mitengo.

Pali ndi phindu la ndalama. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndipo Lundazi ndi amodzi mwa malo ake oyambirira, lakhala likugula nshawa, soya, mpunga ndi uci kwa alimi amene atula pansi mfuti ndi mawaya ocherera nyama, ndi kuwaphunzitsa kubyala gliricidia m'minda kuti nthaka yoguga ibwerere. Dziko la Magodi linali limodzi mwa maufumu asanu ndi anai amene anapatula nkhalango zao ndi kulandira malipiro oyamba a kaboni mu 2017. Ndiponso lamulo la nkhalango la mu 2015, pamodzi ndi malangizo ake a mu 2018, lilola anthu a m'mudzi kupanga gulu, kulembetsa thengo lao ku dipatimenti ya nkhalango ndi kukhala ndi mphamvu pa zokolola zake. Pa ndalama zoterezi tiyenera kufunsa poyera kuti zabwera zingati ndipo zagwira nchito yanji, pakuti cobisa cimapha cikhulupiriro.

Akhristu a m'maparishi athu akumbukire kuti nkhaniyi siili kunja kwa ciphunzitso. M'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, malemu Papa Francis anadandaula kuti miseu, minda yatsopano ndi mipanda zikudula malo a zolengedwa mpaka zina kulephera kusamuka, ndipo anachula mipata yotere ngati njira imodzi yocepetsera vutoli. M'kalata yomweyo anaumirira kuti kusamala cilengedwe kusasiyane ndi cilungamo kwa osauka. Zonse ziwiri tizigwire pamodzi.

TICITENJI TSONO?

Coyamba, nduna ndi anyakwawa aitane acikulire, amai ndi acinyamata, ayende nao pansi ndi kulemba mikwaso yakale, mitu ya mitsinje ndi madambo a m'dera lao. Mapu amenewa apite kwa Mfumu Yaikulu. Tikadikira, ena adzatilembera ali mu ofesi, ndipo mzere wao udzadutsa pakati pa munda wa munthu.

Caciwiri, pogawa malo atsopano, anyakwawa asapereke munda kumutu kwa mtsinje kapena pa citunda coimirira, ngakhale wopempha atabwera ndi nkhuku. Amene tili kale ndi madimba tisiye mzere wa mitengo ndi bango m'mphepete mwa madzi, monga mmene alangizi a zaulimi amatiuzira.

Cacitatu, moto. Lupsa la mu September ndi October ndilo limapha timitengo tating'ono ndi kudya m'mphepete mwa nkhalango zobiriwira. Ngati pafunika kutentha, titenthe mu May kapena June udzu ukali ndi cinyontho, ndipo mogwirizana. Mbewa zowerengeka sizilingana ndi phiri lonse.

Cacinai, mawaya. Msampha wa waya susankha. Wochera gwape amagwira mwana wa njovu mwendo, ndipo njovu yovulala ndiyo imapha anthu.

Cacisanu, ngati boma kapena mabungwe afuna mpata m'dziko lathu, abwere pa bwalo la mfumu, akambe zonse masana, ndipo pangano lilembedwe: malire ali pati, woteteza minda ndani, wotaya munda alandira ciani, ndipo njovu ikalowa m'mudzi a gemu afika pa nthawi yanji. Munthu asacotsedwe pa malo ake ndi mau a pakamwa cabe.

Miphakati yathu ndi magulu a alimi amakumana sabata ndi sabata. Tipempha kuti mvula isanayambe, gulu lirilonse lipatule tsiku limodzi lokambirana za mtsinje umene limamwa: uyambira pati, mitengo ya kumutu kwake ikalipo, ndipo ndani akulima m'mphepete mwake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mtsinje umodzi umadutsa midzi yambiri. A kumtunda akasiya mitengo koma a kumunsi nadula, mpata waduka. Zimene mwagwirizana muzipereke kwa nyakwawa wanu ndi kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, nkhwangwa za mphanje ya caka cino zisanalire.